Nyimbo ya Onyamula Machila

Pa okalamba onse amene ndinawasambitsa m'zaka zimene ndinagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Nedlands, mumzinda wa Perth, palibe amene ankandinyansa ngati mkulu wa m'chipinda chakumapeto. Sindikunena za matewera kapena dovu ayi. Zimenezo munthu amazolowera sabata yoyamba, ndipo amene amati sangazolowere ndiye kuti njala sinamupeze. Chimene chinkandinyansa ine chinali galasi lake.

Ndinkanyamuka ku Mirrabooka m'mamawa, kukwera mabasi awiri, kufika kuntchito mapazi atazizira. Ndikalowa m'chipinda mwake ndi matawulo, mawu ake oyamba sanali moni. Anali akuti, "Galasi." Kanali kagalasi ka m'manja ka chogwirira cha siliva, ndipo wokagwira ndinali ineyo, iye akudziyang'ana mbali iyi ndi iyo. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, tsitsi lotsala lowerengeka, koma lonse lopaka mankhwala akuda amene ankathimbiriritsa pilo. Kenako paudala kumaso. Kenako kansalu ka silika m'khosi, ndipo mfundo yake ikapendekeka pang'ono ndiye kuti tiyambirenso.

"Uziima mbali iyi, mtsikana," ankatero m'Chingerezi chake chonga cha pawailesi. "Nkhope yanga yabwino ndi ya kumanzere."

Mtsikana. Ine mayi wa ana atatu, imvi zitayamba kale kusuzumira m'mbali mwa makutu. Koma walira mvula walira matope. Ndinalira ndekha kubwera kuno, ndipo viza yanga inali yomangiriridwa pantchito imeneyo, choncho ndinkaima kumene wandiuza.

Mkuluyo anali wa mafilimu, akale aja opanda mitundu, amene anthu ake amaoneka otuwa ngati agona paphulusa. Mbiri yake ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Anabadwira pafamu ya tirigu kum'mawa kwa Perth, kutali ndi tauni. Anathawa makolo ali mnyamata n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Mangalande, kamba wake wa paulendo ili nkhope basi. Kumeneko anayamba ndi kusesa m'nyumba za zisudzo, kenako anayamba kupatsidwa timbali ting'onoting'ono m'mafilimu: msilikali woima kumbuyo kwa anzake, woperekera zakudya muhotela, wapolisi wogogoda pachitseko n'kunena mawu awiri. Kawirikawiri ankamupha filimu isanafike pakati, ndipo iye ankadzitama nazo. Ankati panalibe wodziwa kufa ngati iye, chifukwa anzake ankangogwa chigwere koma iye ankagwa tsaya lakumanzere litayang'ana kamera.

Filimu imene anakhala mwini nkhani inali imodzi yokha. Pambuyo pake kunabwera anyamata ena a nkhope zatsopano, mowa unamutupitsa masaya, ndipo anatsikira ku zotsatsa sopo ndi fodya pawailesi ya kanema. Akazi atatu anamusiya mmodzimmodzi. Anabwerera kwawo ndi sutikesi ya zithunzi, ndipo zithunzizo ndi zimene zinadzaza khoma la chipinda chija. Pakati pa zonsezo panali chachikulu, iye atavala chipewa chotambalala ndi kabudula wa khaki, mfuti m'manja, kumbuyo kwake anthu akuda osaoneka bwino nkhope. Ndinkachipukuta fumbi Lachisanu lililonse.

Miyendo yake inali itasiya kugwira ntchito. Kuti achoke pabedi kupita kubafa kapena panjinga yake ya olumala, tinkamunyamula ndi makina. Ndi chitsulo cha matayala chokhala ndi mkono wautali. Munthuyo mumamukulunga m'chinsalu cholimba, n'kukoleka zingwe zake kumkonoko, n'kudina batani, iye n'kukwera m'malere ali lende. Lamulo la pantchito linali lakuti makinawo sagwira munthu mmodzi, choncho m'chipinda chimenecho ndinkalowa ndi mnzanga wina wa ku Zambia, mtsikana wophunzira ku yunivesite ku Crawley amene ankagwira mashifiti a m'mawa. Anali wa pakamwa, wosachedwa kuseka.

Tsiku loyamba kumunyamula, atangochoka pabedi, mkuluyo anakweza dzanja n'kufuula kuti, "Kwezani machila, anyamata!" Mawu enawo anali a Chingerezi, koma liwu la machila linatuluka lomwelo lakwathu, longopindika pang'ono. Chala changa chinachoka pabatani.

"Ba sisi, dinani kaili," anatero mnzanga uja. "Aba ba mudala baganiza tikali mu filimu."

Iye sankadziwa chimene liwulo linandikumbutsa. Agogo anga aamuna, bambo a amayi anga, anali ndi phewa lakumanja lotsika kuposa linzake, ndipo pamwamba pake panali chotupa cholimba ngati chidendene. Ife ana tinkakonda kuchidina akakhala pakhonde kwathu ku Ntcheu, iwo n'kumatichotsa dzanja. Anali amayi amene anandiuza nditakula kuti ali mnyamata, agogo ankanyamula machila a mzungu wa kuboma akamayendera midzi. Machila ndi nsalu yomangirira kumtengo wautali, bwana n'kugonamo, amuna n'kusenza mtengowo paphewa n'kumathamanga naye, phiri ndi dambo. Agogo sanakambepo za zimenezo. Chimene tinkaona n'chakuti moyo wawo wonse sanaikenso kanthu paphewa. Ngakhale khasu popita kumunda ankalinyamula m'manja, anthu n'kumawaseka.

Ndiye taganizani, mdzukulu wawo wawoloka nyanja, ali ndi satifiketi m'chikwama, akunyamula mzungu kawiri pa tsiku, mzunguyo akufuula za machila. Ndinadina batani lija.

Filimu yake ija ndinaionera patapita miyezi. Tsiku lina masana atadya, anandiuza kuti ndimuikire pakanema wa m'chipinda mwake, ndipo poti ndinayenera kumudula zikhadabo, ndinakhala pomwepo. Zoona zake, ali mnyamata anali wooneka bwino, wamtali, wa chibwano chosongoka. Nkhani yake inali ya mzungu wofunafuna mbale wake amene anasowa m'tchire la ku Africa, Africa wake osatchulidwa kuti ndi uti. Anthu akuda analimo ambiri, koma ntchito yawo inali kusenza mabokosi, kutuzula maso mkango ukalira, ndi kuthawa. Palibe mmodzi amene anapatsidwa mawu oti anene. Ndinkangodula zikhadabo, mutu pansi.

Kenako mwini nkhani uja anavulala mwendo, ndipo anamuika m'machila. Amuna anayi paphewa, ena akuthamanga m'mbali kudikira kulandira. Wakutsogolo, mnyamata wa mpata kumano, anaponya nyimbo, anzake n'kuvomera. Ndinakweza mutu, chifukwa chinali Chichewa chenicheni, cha kumudzi.

Thumba ili lalemera, lalemera!
Mbuzi ladya lokha, lalemera!
Miyendo lili nayo, ya maluwa,
Amake anabala katundu.
Tikafika pamtsinje tiliponye,
Ng'ona zikalawe.

Amayi anandiuzapo kuti umu ndi mmene onyamula machila ankachitira. Nyimbo inali yoyendetsa mapazi kuti agunde pamodzi, ndipo woponya nyimbo ankaipeka pomwepo, mawu ake kuwatenga pa katundu amene asenzayo: mimba yake, umbombo wake, fungo lake. Bwana ali m'nsalumo ankangomva kukoma kwa mawu. Ndinkayesa ndi nthano chabe. Tsono ndinaziona ndi maso, amuna akwathu akutukwana munthu pakamera, nkhope zili duu, thukuta lili kamukamu, iye atagona ngati mfumu akumwetulira kumanzere.

Ndinaphulika kuseka. Kumeneko ndiye kulakwa kwanga koyamba.

"Ukumva zimene akuimbazo?" anafunsa mkuluyo, maso atawala.

Ndinavomera ndi mutu, ndikupukuta misozi.

"Ndi chilankhulo chako! Taona zodabwitsa. Mkulu wojambula anandiuza kuti akunditama. Akuti ndine mkango, bambo wa dziko. Palibe anawauza kuti aimbe, mtsikana, anayamba okha. Akatswiri onse aja amene mayina awo ankalembedwa pamwamba pa langa, ndani wa iwo anaimbiridwapo nyimbo yakeyake?"

Ndinamufunsa kumene anajambulira. Anati kufupi ndi mafamu a fodya, kum'mwera kwa Africa, ndipo mwini famu wina anawabwereka anyamata ake. Anatero ndithu, kubwereka, ngati wilibala. Pamenepo ndinadziwa kuti anali machona akwathu, amuna aja ankapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafodya, ena osabwererako.

Ndipo poti anali atakondwa, anandiwonjezera nkhani ina imene kwa iye inali yoseketsa. Akuti gawo limenelo analijambula tsiku lonse, kubwereza ndi kubwereza chifukwa dzuwa linkabisala. Chakumadzulo mmodzi wa akumbuyo anaterereka pamwala, mtengo unamupsinja, fupa la paphewa linalira kuti thyo, ndipo mwini wake mkuluyo anagubuduka pansi, chipewa chake chatsopano n'kugwera m'matope. Anaseka mpaka kutsamwa, moti ndinachita kumugwirira kapu ya madzi pakamwa.

"Dzina lake anali ndani?" ndinafunsa.

"Ndani?"

"Wothyoka fupayo."

"Aa, anabweretsa wina. Pakamera sankasiyana."

Ukakhala pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Ndinatuluka m'chipindamo ndipo ndinakasamba m'manja kawiri ngakhale ndinali nditavala magolovesi.

Mwana wake anali mmodzi, mayi wachikulire ndithu, wolankhula mofatsa, amene ankabwera kamodzi pa masabata awiri ndi maluwa, n'kukhala mphindi zochepa akuyang'ana wotchi. Sabata yotsatira anandipeza ndikukankha tolole ya tiyi. Anati bambo ake amuuza nkhani yosangalatsa kwambiri. Anati mwezi wamawa akukonza phwando la tsiku lawo lobadwa m'chipinda chodyera, aitana anzake okonda mafilimu akale, ndipo adzaonetsa filimu ija. Kodi ndingadzaime kutsogolo n'kuwamasulira nyimbo ija? Amanejala anali atavomera kale.

"Bambo anga alibenso china chotsala," anatero. "Moyo wawo wonse ndi nyimbo imeneyo. Ndipo ngati muli ndi chovala chakwanu chija cha maluwamaluwa, mudzavale, zidzakongola kwambiri pazithunzi."

Ndinati ndamva. Pakamwa panga panali kale chizolowezi chovomera.

Nthawi yopuma ndinamuuza mnzanga wa ku Zambia zonse, ndi mawu a nyimboyo. Anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Manje muzakamba chani?"

"Ndi zimenezo ndikukufunsa iwe."

"Kambani chabe vamene bafuna kumvela. Ni pate, ba sisi, si khoti. Mukabauza zoona pa gulu, manejala azakuitanani mu ofesi. Na viza yanu? Bana banu bazadya nyimbo?"

"Iwe, anthu aja anaimba zimene anaimba. Ndiwapindire mawu ineyo, mwana wawo?"

"Banafa kudala. Imwe muli moyo."

Ankanena zoona, ndipo zinandinyansa kuti ankanena zoona. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Masabata atatu ndinkakwera basi ndi funso limenelo, kutsika nalo, kuphika nalo. Kukana ndikanatha, kunena kuti Chichewa chake n'chakale sindikuchimva bwino. Koma ndinali nditaseka kale pamaso pake, ndipo mkuluyo anali atauza aliyense, mpaka wokonza mapaipi, kuti mtsikana wake wa ku Africa amamva nyimbo yake.

Tsiku la phwando ndinavala chovala changa cha chitenje chimene ndimapita nacho ku maukwati, duku lake lomwe. M'chipinda chodyera munali mabaluni, keke yaikulu, okalamba atandandikidwa panjinga zawo, ena akusinza kale. Alendo anali ndi matambula a vinyo m'manja. Mkuluyo anali pakati, paudala mbee, kansalu kofiira m'khosi, njinga atauza anthu kuti aitembenuze kuti gulu limuone kumanzere. Filimu inayenda. Mkango utalira, anthu akuda aja n'kuthawa mabokosi ali mbwee, alendo anaseka mwaulemu, ena n'kundicheukira kuti aone ngati inenso ndikuseka. Atafika pa machila, mwana wake anaimitsa kanema n'kundikodola.

Pakhoma panali nkhope ya mnyamata wa mpata kumano uja, yaikulu kuposa ine, pakamwa pali yasa pakati pa nyimbo. Ndinaima pansi pake. Ndinayang'ana amanejala, amene anali chilili pakhomo manja atapinda akumwetulira. Ndinayang'ana mkuluyo, amene anali tcheru ngati mwana woyembekezera maswiti.

"Akuti munthu uyu ndi mkango," ndinatero. "Akuti ndi bambo wa dziko, ndipo kumunyamula n'kopepuka. Akuti akafika pamtsinje madzi adzamulandira."

Anaomba m'manja. Mwana wake ankalemba mawu anga pafoni, misozi ili m'maso. Mayi wina mlendo anabwera kudzasisita nsalu ya chovala changa osandipempha, n'kunena kuti anthu akwathu ali ndi mitima yabwino kwambiri. Anandijambula zithunzi nditagwada pambali pa njinga ya mkuluyo, dzanja lake lili pamutu panga. Kugwadako palibe anandiuza. Mawondo anapinda okha, poti kwathu suima mkulu atakhala pansi, ndipo ndinazindikira mmene zionekere pachithunzi kamera itawala kale.

Pabasi yobwerera, mumsewu wa Stirling, ndinavula duku n'kuliika m'chikwama. Keke imene anandikulungira ndinaitaya m'bini pa siteji. Amuna aja anali ndi chinthu chimodzi chokha chawo m'filimu yonseyo, ndipo chinakhala bwinobwino zaka zonsezi mpaka chinakumana ndi ine.

M'mawa mwake ndinali pa shifiti. Ine ndi mnzanga uja tinamupeza mkuluyo ali maso kale, akung'ung'udza nyimbo ija, chala chikuvina m'mwamba. Tinamuvula zogonera, kumukulunga m'chinsalu, kukoleka zingwe. Ndinadina batani ndipo anakwera, miyendo yowonda ili lende, thaulo lokha pamimba.

"Kwezani machila!" anafuula. "Lero undiimbire, mtsikana. Imba monga ankaimbira anthu ako. Iwe wakutsogolo, mnzakoyu avomere."

Ndinasiya batani. Anatsala m'malere, pakati pa bedi ndi njinga, akuzungulira pang'onopang'ono.

"Dzulo ndinanama," ndinatero.

Mnzanga anandigwira mkono. "Ba sisi."

Ndinamuchotsa dzanja. Ndinayamba mzere woyamba mpaka womaliza, m'Chingerezi chosavuta, ndikumuyang'ana m'maso. Kuti iye ndi thumba lolemera. Kuti anadya mbuzi yekha. Kuti miyendo yake ndi yokongoletsera chabe. Kuti amayi ake anabala katundu. Kuti akafika pamtsinje amuponye ng'ona zikamulawe. Sindinakweze mawu. Ndinawonjezeranso kuti agogo anga ankanyamula machila, ndipo ndimadziwa mmene phewa la munthu wotero limaonekera akakalamba.

Makina aja ali ndi kaphokoso kake ngakhale ataima, ndipo ndi kokhako kankamveka.

"Onse?" anafunsa mkuluyo.

"Onse ankavomera."

"Nanga wakutsogolo uja, wa mpata kumano? Ameneyo ankandikonda. Ankandibweretsera malalanje m'mawa. Pochoka ndinamupatsa chipewa changa."

"Ndiye amene ankaponya nyimboyo."

Anayang'ana chithunzi chachikulu chija pakhoma, kenako anayang'ana miyendo yake. Mbuzi ija anaikumbuka yekha. Anati mwini famu anapha mbuzi tsiku lina, ndipo anadya azungu okhaokha pansi pa tenti, onyamula atakhala padzuwa. Ananena zimenezi motsitsa, osati kwa ine.

"Nditsitseni, chonde," anatero.

Aka kanali koyamba kumva chonde kuchokera pakamwa pake. Tinamutsitsa, kumusambitsa, kumuveka. Tsiku limenelo sanaitanitse galasi.

Ndinkayembekezera kuti mtima wanga ukhala pansi. Sunakhale. Dzulo lake, pamaso pa anthu oti akanandiyankha, oti akanandichotsa ntchito, ndinagwada n'kunama. Choonadi ndinachisungira munthu wopanda zovala, wolendewera m'malere, batani lili m'manja mwanga. Amuna aja anamutukwana ali pansi pake, iye ali ndi mfuti. Ine ndinadikira mpaka pamsana pa njovu patakhala ine. Mnzanga wa ku Zambia sanandilankhule mpaka shifiti inatha, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Masiku otsatira ndinkangodikira kuitanidwa ku ofesi. Sindinaitanidwe. Mkuluyo sanauze munthu. Musaganize kuti anasanduka mngelo: patapita masiku atatu anaitanitsanso galasi lake, paudala anapitiriza, ndipo ine ndinakhalabe mtsikana. Za munthu wothyoka fupa uja sanafunsepo, ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho sindinamukhululukire. Koma liwu la machila linatha. Tikamamukweza ankatseka maso n'kugwira zingwe ndi manja onse awiri mpaka tamutsitsa. Filimu ija sanaitanitsenso. Alendo akamufunsa za nyimbo yake, ankati watopa.

Anamwalira m'nyengo yozizira, masana, pa shifiti ya anthu ena. Wodziwa kufa uja akuti anangopendekeka panjinga yake supuni ili m'manja, popanda womuonera.

Kuno maliro ambiri amawatentha, n'kupatsa abale phulusa m'kabokosi. Mpaka lero sindinazolowere. Patapita masabata awiri amanejala anandiuza kuti mwana wake wapempha kuti ndikapezeke pamwambo wotsiriza, m'mbali mwa mtsinje ku Crawley, kuseri kwa yunivesite. Ndinapita ndi yunifolomu ya kuntchito. Chitenje ndinachisiya dala.

Tinalipo anthu osakwana khumi. Kunali mphepo, ndipo ana a sukulu ankadutsa panjinga osatiyang'ana. Aliyense anapatsidwa kapepala kosindikizidwa bwino, pamwamba chithunzi cha chipewa chotambalala chija, pansi pake mawu anga a tsiku la phwando, onse, mkango ndi bambo wa dziko ndi madzi omulandira. Pansi penipeni analemba kuti anamasulira ndi wowasamalira wawo wokondedwa wa ku Africa. Bodza langa ndi limene linatsala papepala, loti zidzukulu zidzawerenge. Zoona zinapsa naye limodzi.

Mwana wake anandikokera pambali, kabokosi kali m'manja.

"Bambo anali ndi manda awo kale, pafupi ndi amayi awo, kwawo ku mafamu a tirigu," anatero. "Koma patangopita masiku ochepa chichitikire phwando lija anasintha maganizo. Anati ndiwaponye mumtsinje, nyimbo ija ikulira. Anatero ndithu, kuwaponya. Ndipo anati inuyo ndi amene muwanyamule mpaka pamadzi, akuti inu mudziwa chifukwa chake. Ndikuganiza kuti ndi mawu okoma aja munatimasulira."

Ndinayang'ana mtsinjewo. Mulibe ng'ona mmenemo, mumangoyandama mbalame zakuda za makosi aatali. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kupepesa, kapena kunali kufuna kunyamulidwanso komaliza ndi munthu wakuda. Pomudziwa mkuluyo, mwina zinali zonse ziwiri. Ndikanatha kumuuza mayiyo pomwepo, ndili chilili, iye ali ndi miyendo yake ndi anzake. Ndinatsegula pakamwa, ndinaona maso ake ofiira, ndipo ndinatsekanso.

Ndinavula nsapato n'kulandira kabokosiko. Mayiyo anayatsa nyimbo pafoni, ndipo mnyamata wa mpata kumano anaiponya, anzake n'kuvomera kuti lalemera, lalemera. Sikanali kolemera. Ndinakanyamula m'manja, mmene agogo ankanyamulira khasu, mpaka madzi anandifika m'mawondo.